Imfa Zitatu za Kanyimbi

Padangokhala, kale nyama zitatopa ndi kugona m'tchire n'kuyamba kumanga matauni, padali Nungu wina dzina lake Nangozo, namwino wodziwa kubaya jakisoni. Akuluakulu a zachipatala adamusamutsira ku Katondo, tauni yosakula moti munthu n'kusochera, komanso yosachepa moti aliyense n'kudziwa kwawo kwa mnzake.

Nangozo adali ndi nkhawa imodzi. Ankakhala ndi bambo ake, nkhalamba yakhungu ya miyendo yonjenjemera, ndipo pakhomo padalibe wina. Kumudzi akamapita kuntchito ankangofuulira wa nyumba yoyandikana kuti, "Mundionereko bambo!" Nanga kutauni akafuulira yani?

Adawasiya bambowo m'manja mwa anansi, iye n'kutsogola kukasaka nyumba. Pa depoti adapeza mlamu wake Kanyimbi, mng'ono wa malemu mwamuna wake. Kanyimbi ankapezera anthu nyumba za lendi, koma iye mwini ankagona kumene kwamudera.

"Alamu, mwagwera m'manja abwino," adatero Kanyimbi akupukuta nsapato zake zofiira. "Mukufuna ya mpopi m'nyumba? Ya magetsi? Yoyandikira msika?"

"Zonsezo n'zabwino. Koma ine ndikufuna kumene bambo akagwa ine ndili kuntchito, wina adzamva."

"Zimenezo eni nyumba sanena. Mukawafunsa, aliyense akuuzani kuti anansi ake ndi angelo."

"Ndiye tidziwa bwanji?"

"Ndifa."

"Mwati chiyani?"

"Ndifa, alamu. Paliponse pamene mwakonda nyumba, ine ndizigwa pakhomo, inu muziitana. Tikaone amene abwere. Kufa ine ndimakutha. Ndikagona chagada, lilime panja, kuphatikiza kafungo kangaka, ngakhale ntchentche zimakhulupirira."

"Kafungo mukutero? Tangomvani, anthu pa depoti pano akhala mbali imodzi."

Nangozo adaseka, koma mumtima adaiyeza nkhaniyo. Kusewera ndi imfa n'kulakwa, zimenezo ankazidziwa. Komanso kusankha khomo mongoyang'ana utoto wa chitseko, bambo ake n'kudzagona pansi tsiku lonse popanda wowadzutsa, kudali kulakwa kwina.

"Chabwino," adatero. "Koma osati kufa. Kukomoka basi."

"Kukomoka ndi kufa n'pachibale, alamu. Komabe ndamva. Ndikauka mukandigulira tiyi ndi mandasi."

Kwawo kwa Nangozo kudali nyimbo imene amayi ankaimba zikagwa pakhomo. Inkafunsa ngati m'nyumba zozungulira muli anthu kapena mitsuko yokha, ndipo aliyense woimva ankayenera kuvomera kuti alipo, akubwera. Imeneyo ndiyo adagwirizana kuti ikhale mfuu yawo.

Adayambira Kumayadi, kumene kunkakhala mabwana. Nyumba yake idali ya mpanda wautali wa njerwa, mpopi m'kati, magetsi chipinda chilichonse. Kudali zii. Nangozo adaganiza za tulo tabwino timene bambo ake angamagone kumeneko, mtima n'kumuuza kuti basi wafika.

Kanyimbi adagwa kuti khu! Nangozo adayamba nyimbo. Idamenya mpanda wa uku n'kubwerera, idamenya wa uko n'kubwereranso. Adaimba mpaka kukhosi kudauma, wovomera osamveka. Dzuwa litasuntha ndithu, pa geti la nyumba yoyandikana padatseguka kabowo, m'menemo mukusuzumira diso la Galu, mlonda.

"Mayi, abwana akupuma. Kwagwanji?"

"Mlamu wanga wakomoka."

"Dikirani ndikauze akhukhi."

Mlonda adauza khukhi, khukhi adauza adona, adona adauza abwana. Kenako geti lidatseguka lonse, ndipo Nyalugwe, loya wotchuka, adatuluka yekha atanyamula bulangeti, nkhope itagwa.

"Mayi, bwanji simunagogode? Ine ndimayesa wailesi ya kutali! Tiyeni timukweze m'galimoto langa, tithamangire kuchipatala."

Kanyimbi, amene adali asanakwerepo galimoto lotero, adadikira kuti lidutse pa depoti kuti anzake amuone, kenako adatsegula maso n'kupempha mkaka. Nyalugwe adakondwa, adamugulira mkakawo, bulangeti n'kumusiyira. Potsanzika adati, "Tsiku lina zikadzakuvutani musadzaimbe. Mudzamenye geti langa ndi mwala."

"Ine ndasankha kuno," adatero Kanyimbi galimoto litapita.

"Anthuwa mtima ali nawo," adayankha Nangozo. "Koma mpanda woletsa mbala umaletsanso kulira. Bambo sangathe kutola mwala."

Tsiku lotsatira adapita Kumapuloti, kumapeto kwa tauni, kumene anthu adali atangoyamba kumanga. Lendi idali yotsika, pakhomo padali malo olima masamba, ndipo padali khonde loti nkhalamba n'kumaotherapo dzuwa. Nangozo adakondanso.

Kanyimbi adagwa kuti khu! Nangozo adayamba nyimbo. Ulendo uno padalibe choitchinga. Idalowa pa mawindo opanda magalasi, idatulukira pa madenga opanda malata, pakuti eni nyumbazo adali akukhalabe kwina. Kenako, patali, kamawu kakang'ono kadavomera kuti kalipo, kakubwera. Adali Nadzikambe, amene ankalondera simenti ya abwana ake.

Adadikira.

"Alamu," adanong'ona Kanyimbi, maso ali chitsinzinire, "wafika pati?"

"Ali pa mulu wa mchenga."

Adadikiranso. Nyerere zidapeza mchira wa Kanyimbi.

"Nanga tsopano?"

"Akadali pa mchenga. Wakweza mwendo umodzi, akuganiza."

"Ndi chiyani chikuzungulira kumwambaku? Ndikumva mthunzi."

"Miimba. Itatu."

Kanyimbi adadzambatuka. "Ndauka, ndisanafe zenizeni!"

Adapita okha kukakumana ndi Nadzikambe. Adamupeza thukuta lili kamukamu, atagwira kapu ya madzi imene sidatayike ngakhale dontho.

"Pepani ndachedwa," adatero Nadzikambe. "Ndimathamanga. Wodwala ali bwanji?"

Nangozo adalandira kapuyo ndi manja awiri. Panjira adati, "Malo ano adzakoma, anthu akadzalowa m'nyumbazi. Amene angathe kudikira asankhe kuno, sadzanong'oneza bondo. Koma bambo anga alibe zaka zodikirira."

Kudatsala ku Piringu, kumene nyumba zidagundana ngati mano. Nangozo sadakukonde. Ngalande zinkanunkha, wailesi iliyonse inkalimbana ndi inzake, ndipo pakona padali pomwera kachasu. Mwini nyumba, Mayi Bakha, adayamba kulankhula asanapereke moni ndipo sadasiye.

"Kuno fungo langa likhoza kusochera pakati pa anzake," adanong'ona Kanyimbi. "Ndiwonjezera pang'ono."

"Musawonjeze."

Kanyimbi adagwa kuti khu! ndipo adawonjezera.

Nangozo adali asanamalize mzere woyamba pamene nyimbo idavomeredwa kumanja, kumanzere, kumbuyo, ngakhale ndi a pomwera kachasu paja. Mawu ake ankawaphonya, koma tanthauzo adaligwira. Amayi adafika akumanga zitenje chothamanga, abambo atasiya bawo. Patsogolo padali Mayi Nkhanga, wapampando wa amayi othandiza pa maliro. Adawerama, adanunkhiza kamodzi, n'kugwedeza mutu.

"Uyu watisiya. Ndipo si lero."

"Ayi, wangokomoka!" adatero Nangozo.

"Pepani mayi, pepani. Onse amatero."

"Ndine namwino, ndikudziwa. Sanafe!"

"Mugwireni, chisoni chamusokoneza. Lirani mayi, musalankhule, mtima ungakupwetekeni."

Njiri, mkulu wa adzukulu okumba manda, adafunsa kuti, "Kodi ndi a kuno? Manda athu sitikumbira wodutsa."

Bakha, poopa kuti nyumba yake ikhalanso mwezi wina yopanda munthu, adafuula kuti, "Ndi alendi anga! Alowa lero lomwe!"

"Basi ndi athu," adatero Njiri. "Anyamata, makasu. Ndi fungo ili sitingagoneke, tiika lero."

Zinthu zidayenda ngati madzi otsetsereka. Kanyimbi adamunyamula n'kumugoneka pa mphasa m'nyumba ya Bakha. Ena adayala masamba pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Ena adabwera ndi nkhuni, ena ufa, ena nyemba. Gogomole, kalipentala, adamuyeza ndi bango kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Pakati pa piringupiringuyo nsapato zofiira zija zidachoka kumapazi a malemu, osadziwika kuti zalowera kuti.

Nangozo akati atsegule pakamwa, wina ankamupatsa madzi. Akati aimirire, wina ankamukhazika pansi. Kanyimbi poyamba zidamukomera, pakuti anthu amene sadamuonepo ankachitira umboni kuti adali waulemu, wosakonda mikangano. Koma kenako adamva kugogoda kwa Gogomole kukutha, ndipo wina adalowa n'kunena motsitsa mawu kuti adzukulu amaliza, kumanda kwakonzeka.

Pamenepo Kanyimbi adatulutsa fungo lonse limene adasunga chibadwire. Olira adatsokomola, adagwira mphuno, adatuluka mmodzimmodzi ngati akukapuma mphepo. Adatsala Nangozo yekha, chitenje chili kumphuno.

"Alamu," adanong'ona wakufayo, "zafika poipa."

"Ndinati kukomoka."

"Zakale zisiyeni. Ndikangouka ndekha andiyesa mfiti, andiphwanya mutu. Tamverani. Zulani munga wanu umodzi, mundibaye ngati jakisoni, pang'ono pokha. Ine ndiuka, ndilengeza kuti anesi awa amadzutsa akufa. Mawa lomwe mukhala mfumukazi ya Piringu."

Nangozo adaganiza. Nzeruyo idali yabwino, ikadawapulumutsa onse awiri. Koma adaona amayi a mawa akumubweretsera mwana wozizira kale, akumugwadira kuti abaye. Adaonanso kuti iye adadzera anansi oti aziwakhulupirira, ndiye angayambe bwanji n'kuwanamiza kawiri tsiku limodzi?

"Kubaya ndibaya," adatero.

Adasankha munga wautali kuposa yonse, ndipo sadabaye pang'ono.

Kanyimbi adakuwa, adadumpha mpaka kudenga, adatulukira pakhomo ngati muvi. Khamu lidabalalika. Bakha adagwera m'ngalande, oledzera mowa udawathera. Kanyimbi, akusisita pobayidwapo, adakwera pa bokosi lake lomwe.

"Abale, taonani zodabwitsa! Anesi awa..."

"Ayi," adatero Nangozo ataima pakhomo. "Palibe chodabwitsa. Mlamu wangayu sanafe ndipo sanakomoke. Tinapangana."

Adafotokoza zonse: za bambo ake akhungu, za ntchito yotuluka m'mawa n'kubwera madzulo, za Kumayadi ndi Kumapuloti.

Woyamba kulankhula adali Mayi Nkhanga. "Ine ndasiya tomato wanga pamsika, dzuwa lamuwotcha. Uyu wasiya makala ake, uyo telala wasiya diresi la ukwati wa mawa. Ana athu lero adya nyimbo yanuyo?"

Nangozo adagwada. Zonsezo zidali zoona.

Njiri adafika dothi lofiira lili thupi lonse, adaonetsa matuza m'manja, kenako adagwira Kanyimbi pakhosi. "Manda okumbidwa sagona opanda mwini. Tinakuyeza, tinakukumbira. Tiye ukalowe."

"Akulu, akulu, dikirani!" adatero Kanyimbi miyendo ili m'malere. "Ndifunseko kamodzi, poti wakufa samukaniza mawu otsiriza. Inu munanena pano kuti manda anu simukumbira wodutsa. Ndinamva ndekha, ndinali pomwepo."

"Ndinatero."

"Ndiye mwandikumbira. Kodi mkulu wa adzukulu angaphwanye mwambo?"

"Sindinaphwanyepo."

"Basitu ndine wanu. Mwachita kusindikiza ndi khasu. Ndipo ngati ine ndili wanu, mlamu wanga ndi wanu, ndi bambo akenso. Wanu akalakwa mumamulipitsa, simumukwirira wamoyo. M'mandamo muike thunthu la nthochi monga amachitira makolo, ine ndilisenza ndekha. Taganizaninso: mlendo wina amatha zaka anansi osamudziwa dzina. Mlamu wangayu wafika m'mawa, pano ndani sakumudziwa?"

Wina kumbuyo adaphulika kuseka, ndipo kuseka kudafalikira. Njiri adayesa kulimbitsa nkhope koma ndevu zidamugwedezeka. Adamutsitsa.

Mlandu udagamulidwa pomwepo. Kanyimbi adasenza thunthu la nthochi mpaka kumanda wopanda nsapato, ana akumuimbira m'mbuyo, ndipo adalamulidwa kulowa m'gulu la adzukulu kuti adziwe kulemera kwa khasu. Nangozo adauzidwa kuti aphike thobwa lokwanira dera lonse, agulenso tomato wopsa ndi dzuwa uja. Iye adavomera, n'kukhala pansi kutsuka ndi kumanga matuza a okumba manda mmodzimmodzi. Chakudya cha maliro chidadyedwabe, poti chidali chitapsa kale.

Anthu akubalalika, Mayi Nkhanga adamuyandikira, nkhope ikadali yokwiya.

"Bambo anuwo dzina lawo ndani?"

"A Ngozo."

"Phala amakonda la mgaiwa kapena la mpunga?"

"La mgaiwa," adayankha Nangozo.

Ngakhale zidatero, sadasankhe mothamanga. Adakumbukira bata la Kumayadi, adakumbukira khonde la Kumapuloti, adakumbukiranso kuti ku Piringu amavula nsapato ngakhale maliro. Koma walira mvula walira matope. Adatenga nyumba ya Bakha, adagula loko wamkulu, n'kukatenga bambo ake.

Masiku oyamba a Ngozo adadandaula. "Nangozo, kodi kuno anthu amagona liti?" Khoma la pakati pa iwo ndi Bakha lidali lopyapyala moti ankamva ngakhale supuni ikagwa, ndipo Nangozo nayenso zinkamunyansa kuti akayetsemula m'nyumba mwake, Bakha ankayankha ali kwake. Koma posakhalitsa nkhalambayo idadziwa aliyense ndi mayendedwe ake, n'kumaweruza milandu ya bawo ili pakhonde, ngakhale bawolo sinkaliona.

Tsiku lina masana, Nangozo ali kuntchito, a Ngozo adaterereka m'nyumba n'kumenyetsa mutu pa mtondo. Sadathe ngakhale kubuula. Koma khoma lopyapyala lija lidadutsitsa kugwako, ndipo Bakha adasiya mbale zake n'kutuluka akuimba nyimbo ija, imene tsopano dera lonse linkaidziwa, yofunsa ngati m'nyumbamo muli anthu kapena mitsuko yokha.

"Kodi si sewero linanso la pakhomo paja?" adafunsa wina.

"Kaya," adatero Njiri akuthamanga. "Bola kukwirira nthochi kawiri."

Anthu adathyola loko wamkulu uja n'kulowa. Mayi Nkhanga adamanga bala ndi mpango wake. Pusi, amene ankangokhalira pakona osadziwika ntchito yake, adauyatsa ulendo wa kuchipatala kukauza Nangozo. Kanyimbi adataya khasu, adatola mwala, n'kuthamangira Kumayadi. Adamenya geti mwamphamvu moti Nyalugwe adatuluka asanauzidwe ndi mlonda, khukhi kapena adona.

"Iwe si uja unakomoka?"

"Ndine, bwana, koma lero n'zenizeni!"

Galimoto la loya lidalowa m'tinjira ta Piringu, anthu akunyamula mabenchi ndi mbaula kuti lidutse. Nangozo adalilandira pa khomo la chipatala, ndipo adokotala adati akadachedwa pang'ono nkhani ikadakhala ina.

Bambo ake atatsegula pakamwa n'kufunsa amene wawina bawo, Nangozo adatuluka panja kukathokoza. Adagwira dzanja la Nyalugwe, la Njiri, la Bakha, la Mayi Nkhanga. Atafika pa Pusi, amene adali akupumirabe m'mwamba, maso ake adagwera kumapazi. Kanyimbi nayenso adali ataona.

"Alamu! Nsapato zanga!"

"Zisiyeni," adatero Nangozo. "Kumapazi kwanu sizinathamangepo chonchi."

A Ngozo adachira n'kubwerera kunyumba. Nangozo adaphikanso thobwa, ulendo uno popanda womulamula, ndipo adaitana onse. Nyalugwe adakhala pa mpando wa ndalema, adamwa makapu awiri, n'kufunsa ngati pa mpanda wake sangaboole kakhomo kakang'ono. Nangozo adaimba nyimbo ija, koma mosafulumira, ndipo sadaiimbe ngati funso, poti yankho adali nalo. Ovomera adavomera mpaka malata adanjenjemera.

Nyimbo ili pakati, pakhomo padamveka odi wa kamawu kakang'ono. Adali Nadzikambe, thukuta lili kamukamu, kapu ya madzi ili m'manja.

"Pepani ndachedwa. Ndinamva kuitana tsiku lija. Wodwala ali bwanji?"

A Ngozo adatambasula manja onse awiri, adalandira kapuyo, ndipo adamwa madzi onse osasiya dontho.

Mpaka lero Kanyimbi akapanikizika amadziponya pansi ngati wafa, koma amayamba wayang'ana uku ndi uku ngati pafupi palibe makasu.

Yanga yathera pamenepa. Amene mwakhala mukuvomera, kapaleni moto kwa mnansi wanu, mukamuonenso ngati wadzuka bwino.